Chithunzi chochokera kumalire: chiyambe kufika ndi chiti?

Masiku ano ndikuwerenga za timakina ting'onoting'ono timene mayiko amatchera m'malire awo, kutali kumene kulibe magetsi kapena nthambo za lamya. Timakinati timayendera mabatire ndipo timalumikizana pa wailesi. Kamodzi kakamva kugwedezeka kwa nthaka kapena kutentha kwa thupi la chinthu chodutsa, kamadzutsa kamera kuti ijambule, kenako timapatsirana chithunzicho mpaka chikafike kwa alonda.

Vuto lagona pa kuchepa kwa njira ya wailesi imene uthenga umadutsamo. Mawailesi ambiri otere amatsatira muyezo wa IEEE 802.15.4, umene pa 2.4 GHz umatumiza makilobiti 250 pa sekondi, ndipo phukusi lililonse la uthenga silipitirira mabaiti 127 (makilobiti ndi mabaiti ndi miyezo ya kukula kwa uthenga). Chithunzi cha timadontho 640 x 480 chopanda mitundu, chisanapanikizidwe, chimakhala ndi mabaiti 307,200, kotero chiyenera kudulidwa tizidutswa toposa 2,400, ndipo ngakhale njira itakhala yopanda chosokoneza, kuchoka pa kamakina kamodzi kufika pa kotsatira kumatenga masekondi pafupifupi 10. Wailesi ndiyo imadya batire kwambiri, ndipo timakina toyandikira kwa alonda, popeza katundu yense amadutsira pamenepo, ndito timayamba kuzima.

Nchifukwa chake akatswiri amasankha choti chitsogole. Njira imene imandigwira mtima ndi ya wavelet, yomwenso imagwiritsidwa ntchito mu JPEG 2000, muyezo wopanikizira zithunzi. Chithunzi chimagawidwa kuti pakhale kachithunzi kakang'ono kachimbuuzi koonetsa maonekedwe onse, padera pa tizidutswa towonjezera kuoneka bwino kwa mizere. Kachimbuuzi kaja kamapita koyamba, ndipo kakatayika panjira kamatumizidwanso mpaka wolandira atavomereza, pomwe tizidutswa tinato tingasiyidwe batire ikachepa kapena njira ikadzaza. Ena amayerekeza chithunzi chatsopano ndi chakale cha malo omwewo, n'kutumiza pokhapo pamene pasintha.

Ndikuvomereza kuti mlonda amathandizika akadziwa msanga ngati chadutsacho ndi munthu, galimoto kapena nyama. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti tizidutswa totayidwato ndito timasiyanitsa ndodo ndi mfuti, ndipo chigamulo chopangidwa pa chithunzi chachimbuuzi chingagwere munthu wosalakwa. Ndikanakhala wokonza makinawa, ndikanaonetsetsa kuti kamera ikusunga chithunzi chathunthu pa khadi lake, kuti mlonda akakayikira aitanitse mbali yokhayo imene akufuna kuionetsetsa asanatumize asilikali.