Nyali ya check engine ndi kawaya ka VVT-i

Galimoto yanga ndi Toyota Corolla ya injini ya 1NZ-FE, ya malita 1.5, ndipo ndiyo imadyetsa ana kwathu chifukwa ndimanyamula anthu muno mu Lusaka. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nyali ya check engine inayamba kuyaka ndikangogunda dzenje, m'mawa mwake n'kupeza yazima. Patapita masiku inayaka osazimanso. Ndikaima injini inkalira bwinobwino, koma pa Great East Road, ndikati ndipitirire minibasi, galimoto inkakoka molemera ngati ndanyamula matumba a simenti. Petulo nayenso ankatha msanga.

Mnyamata wina ku Kalingalinga analumikiza sikana yake pansi pa chiwongolero, panatuluka khodi ya P1656. Pa ma Toyota atsopanoko vuto lomweli limalembedwa P0010. Iye anati ndikagule OCV ina basi, kavalavu kolondolera oilo mu injini. Ndisanakagule ndinadzera ku Mtendere kwa amalume, amene akhala akukonza magetsi a galimoto kuyambira ndili mwana.

"Wayeza?" anandifunsa.

"Ayi, amalume."

"Nanga ukagula chiyani? Tsegula boneti."

Podikira kuti injini izizire anandifotokozera mmene VVT-i imagwirira ntchito. Kumapeto kwa camshaft yotsegula mavalavu olowetsa mpweya kuli giya imene imatembenuzidwa pang'ono ndi mphamvu ya oilo, kuti mavalavuwo azitseguka msanga kapena mochedwa malinga ndi mmene ukupondera. Chimene chimalondolera oiloyo ndi OCV, kavalavu kokhala ndi koyilo mkati, ndipo kompyuta ya galimoto ndiyo imakatumizira magetsi. Magetsiwo akapanda kufika, sipuling'i imakabwezera pamalo pake, camshaft n'kukhala mochedwa ulendo wonse. N'chifukwa chake galimoto inali bwino ikaima koma yaulesi pamsewu.

Apa m'pamene amalume anatsindika. P0011, P0012 kapena P1349 amanena kuti camshaft sili pamene kompyuta ikuifuna, ndipo pamenepo umayamba ndi oilo, kasefa ka OCV ndi tcheni yozunguza camshaft. Koma P1656 ndi P0010 ndi nkhani ya magetsi: njira yaduka penapake kapena mawaya akhudzana. Ine ndinayamba kutsegula bokosi la mafyuzi, iwo anandiletsa. Mawaya onse awiri a OCV amachokera ku kompyuta, alibe fyuzi yawoyawo.

Oilo tinamuonabe, anali pa mzere woyenera.

OCV ili pamutu pa injini, mbali ya tcheni, pafupi ndi alternator. Ndinazula pulagi yake, amalume anandipatsa mita yoyezera magetsi itaikidwa pa ma ohm, muyeso wa mmene waya akukanizira magetsi. Koyilo yabwino imawerenga pakati pa 6.9 ndi 7.9 pa madigiri 20, ndipo ikatentha nambala imakwera pang'ono, n'chifukwa chake tinadikira. Yanga inawerenga 7.5. Tinamasula bawuti imodzi yogwira OCV ndi sipanala ya 10, n'kusolola valavuyo mosamala kuti mphira wake usang'ambike. Titaigunditsa magetsi a batire kwa kamphindi, kachitsulo ka mkati kanati tcha, titachotsa kanabwerera kokha. Tinabwereza kangapo osakakamira ngakhale kamodzi. Valavu imene ndinali pafupi kuitaya inalibe vuto lililonse, ndipo mtima unandiwawa poganiza kuti ndalama ya sukulu ya mwana ikanapita pachabe nyali ikuyakabe.

Anatsala ndi mawaya. Tinachotsa kaye waya wa negative pa batire, chifukwa kompyuta suizula magetsi ali moyo. Pa Corolla imeneyi kompyuta ili kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa pasenjala. Amalume anapeza mapini awiri a OCV pa pulagi ya kompyuta, n'kulumikiza waya wautali kuti mita ifike mbali zonse ziwiri. Waya wabwino amayenera kuwerenga zosakwana 1 ohm kuchoka uku kufika uko, ndipo asakhudzane ndi bodi ya galimoto kapena ndi mnzake. Woyamba anali bwino. Wachiwiri nayenso anaoneka bwino, ine n'kuyamba kuopa kuti mwina kompyuta ndiyo yapsa, chinthu chodula kwambiri.

"Usafulumire," anatero amalume. "Unati imayaka ukagunda dzenje. Gwira mawayawo uziwagwedeza, ine ndiyang'ana mita."

Ndinayambira kutali, kutsata mtolo wa mawaya pang'onopang'ono, mita ili chete. Nditafika pafupi ndi pulagi ya OCV, pamtunda wa zala zitatu, ndinapinda waya pang'ono ndipo nambala inasowa. Nditamusiya inabweranso. Kunja wayayo ankaoneka wabwino, koma pulasitiki yake inali itauma gwa ndi kutentha kwa injini, ndipo titasenda tinapeza kuti mkati mwatsala kaulusi kamodzi ka kopa, tina tonse tidaduka kale.

Ndinafuna kungopota n'kumata tepi, amalume anakana, akuti pamalo otentha ndi onjenjemera choncho zopota sizikhalitsa. Anadula pamene panauma, anaikapo kachidutswa ka waya watsopano wonenepa mofanana, anawotcherera ndi mtovu wa solder n'kuveka heat shrink, kapaipi ka pulasitiki kamene kamafinya waya kakatenthedwa. Kenako anamangirira mtolowo kuti usamakoke pulagi. Poti zida zinali kale m'manja, tinatulutsanso kasefa ka OCV, kamene kali m'munsi mwa valavuyo, n'kukatsuka ndi petulo. Kanali ndi zinyalala zochepa chabe.

Titabwezera zonse ndi kulumikiza batire, khodi inali itafufutika. Amalume anakhala kutsogolo, tinatuluka mu Mtendere kudzera m'misewu ya maenje dala, kenako Great East Road mpaka ku Chelston n'kubwerera. Nditaponda, galimoto inanyamuka ngati kale. M'mawa mwake ndinabwerera kwa mnyamata wa sikana uja kuti ayezenso, ndipo sanapeze khodi ina iliyonse. Ndinamuonetsa kachidutswa ka waya kaja, ndinali nditakasunga m'thumba.