Bwalo la nkhuku likhale louma kaye, zina zibwere pambuyo

Nkhuku imalowa m'khola kukagona ndi kukaikira basi. Tsiku lonse imathera panja, ndiye bwalo lake si malo ongozinga ndi waya wotsala.

Nkhuku imodzi yaikulu ipatseni malo osachepera sikweya mita imodzi. Nkhuku 10 zimakwana bwino m'bwalo la mamita 4 m'litali ndi 3 m'lifupi. Zikathinana zimayamba kujomphana, ndipo yofooka imasowa kothawira mpaka msana kuyera, nthenga zonse zitatha.

Koma chowononga bwalo kwambiri ndi madzi. Musanakumbe dzenje la mzati ngakhale limodzi, kayang'aneni pamalopo mvula itangokata. Pamene madzi adikha, pasiyeni. Sankhani pokwera, potsetsereka pang'ono, ndipo kumtunda kwake kumbani ngalande yopatutsa madzi. Denga la khola lisakhuthulire madzi m'bwalo. Udzu musaudalire, chifukwa nkhuku zimaupalasa n'kuutha m'masabata ochepa, kenako dothi losakanikirana ndi zitosi limasanduka matope onunkha. M'matope ofunda otere ndi mmene mazira a njoka zam'mimba amakhalitsa, ndipo tizilombo ta kokisidiosisi, matenda a m'matumbo, timakhwima m'masiku awiri okha. Anapiye ndi misoti ndi amene amayamba kufooka, mapiko pansi, zitosi zili ndi magazi. Mapazi nawonso amafewa, kachilonda kakang'ono n'kutupa kukhala chithupsa.

Pansi thirani mchenga wokhakhala kapena tizipalapasa ta matabwa, kuchindikala masentimita 10 mpaka 15. Utuchi wosalala umamwa madzi n'kuumbika, suyenera panja. Palasani ndi cheke kamodzi pa sabata. Fungo loswa mphuno likayamba, mwachedwa: kokolani zonyowazo, zikawolere padzala la manyowa, muthire zatsopano. Chomwera chiikeni pa njerwa, chifike pamsana pa nkhuku, ndipo muzichisuntha, popeza matope amayambira pomwepo.

Pa mpanda, waya wa nkhuku wa maso akuluakulu uja amangoletsa nkhuku kutuluka. Khoswe, njoka ndi likongwe zimadutsa, galu amaung'amba. Mita yoyamba kuchokera pansi ikhale ya waya wowotcherera wa maso a mamilimita 13. Ukwirireni masentimita 30, kapena upindeni ugone pansi kuloza kunja masentimita 45. Chilombo chimakumba m'tsinde mwa mpanda, chikagunda waya chimagwa ulesi. Mizati italikirane mamita 2, ndipo mpanda utalike mamita 1.8 kuti muziyenda choimirira. Bwalo lolowa chowerama palibe amalisesa mokwanira. Pamwamba yalani ukonde kapena waya kuopa mphamba ndi akabawi, komanso mbalame zakutchire zimene zimabweretsa matenda pa chodyera.

Gawo limodzi mwa magawo atatu a bwalo lifoleredwe. Nkhuku ilibe thukuta. Kukatentha kupitirira madigiri 30 imayasama, kutambasula mapiko, n'kuchepetsa kuikira. Pansi pa dengalo ikaninso tayala lakale lodzaza mchenga wouma ndi phulusa la nkhuni pang'ono, zizisambamo kuchotsa utitiri ndi nsabwe.

Ngati malo alipo, gawani bwalo pawiri, mbali imodzi izipuma masabata 4 mpaka 6 kuti dzuwa liwombe dothi ndipo udzu uphuke. Madzulo aliwonse potseka, yendani m'mbali mwa mpanda kuyang'ana dothi lofukulidwa, waya wa dzimbiri pamene wakhudza nthaka, ndi mpata wa pansi pa chitseko. Ngati zala ziwiri zikulowa pampatapo, khomanipo thabwa usiku womwewo.