Kachidutswa kamene kanatidyera tsiku lathunthu

Lolemba kunabwera galimoto ya injini ya V6, mwini wake akudandaula kuti akailiza m'mawa imayamba yachita phokoso la gwedegwede kenako n'kukhala bwino. Kompyuta inaonetsa P0016, kutanthauza kuti crankshaft (chitsulo chozunguzidwa ndi mapisitoni) ndi camshaft (chitsulo chotsegula mavavu) zasiya kuyendera limodzi. Ndinadziwiratu kuti vuto ndi tcheni cha mu injini chimene chimalumikiza ziwirizi. Ambiri amati chatamuka, koma kwenikweni timapini take ndi timene timadyeka, makamaka oilo akamakhalitsa osasinthidwa.

Lachiwiri lonse linathera kumasula. Bauti ya pule ya crankshaft inatitulutsa thukuta. Ndisanachotse kanthu, ndinaimika pisitoni yoyamba pamwamba penipeni n'kujambula zizindikiro zonse pafoni. Injini imeneyi ili ndi matcheni atatu, chachikulu chimodzi ndi tiwiri ta kumitu.

Titavundukula chivundikiro tinapeza guide yapulasitiki yowongolera tcheni itathyoka kunsonga, koma chidutswacho osaoneka. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anati, "Abwana, bwanji tingoika zatsopanozo? Nthawi ikutha." Ndinakana. Pulasitiki sasungunuka mu oilo, amagwera pansi mu sampu, mbale ya pansi pa injini mmene mumakhala oilo. Lachitatu tinatsitsa sampuyo, ndipo kachidutswa konga chikhadabo kanali katakakamira pasefa yokokera oilo, tizinyenyeswa tina titamatirira m'mbali. Tikanatseka choncho, oilo akanamakwera moperewera, ndipo tensioner yatsopano, imene imakoka tcheni ndi mphamvu ya oilo yemweyo, ikanafooka. Zimandipweteka ndikaona injini yabwinobwino itafa chifukwa wina anaumira maola ochepa ngati amenewa.

Lachinayi tinaika matcheni, timfundo ta tcheni topakidwa mtundu tikuyang'anizana ndi zizindikiro za pamagiya, ndipo kapini ka tensioner ndinakasolola komalizira. Kenako ndinamupatsa mnyamatayo sipanala kuti azungulitse injini ndi manja kawiri, poti camshaft imazungulira kamodzi crankshaft ikazungulira kawiri. Ndinamuuza kuti akamva kulimba asakakamize, mwina vavu yakumana ndi pisitoni. Atamaliza anachita mantha poona timfundo tija titasemphana ndi zizindikiro. Ndinamukhazika mtima pansi: timfundoto timangothandiza poika, zoyang'ana tsopano ndi zizindikiro za pamagiya, ndipo zonse zinali m'malo mwake.

Tinapala silikoni yakale, kupaka yatsopano, n'kuisiya igone. Lachisanu m'mawa tinathira oilo, tinaika fyuluta yatsopano, ndipo ndinamuuza mnyamatayo kuti alize yekha. Ine ndinaima kutsogolo, khutu lili pachivundikiro. Inangolira myaa.