Tsiku lotseka boila sitigulitsa boila: mbiri ya bizinesi yathu ku Leicester

Bizinesi yathu ndi yaing'ono. Tili ndi mainjiniya a gasi ochepa, aliyense ndi galimoto yake ya zida, komanso munthu mmodzi woyankha foni. Timagwira ntchito m'nyumba za anthu ku Leicester ndi m'matauni oyandikira, kuno ku England. Tinayamba ngati mmene ambiri amayambira, ndi nyumba za lendi. Malamulo a gasi a 1998 amati mwini nyumba aliyense wochititsa lendi aziyezetsa zipangizo za gasi miyezi 12 iliyonse, ndipo alendi alandire satifiketi yake pasanathe masiku 28. Anthu amangoitchula kuti CP12. Ndalama yake ndi yochepa koma siuma, ndipo imakulowetsa m'nyumba zimene boila yake (makina a gasi otenthetsa nyumba ndi madzi) palibe amene amaiganizira mpaka itasiya kutenthetsa. Ndiye kuyambira pachiyambi penipeni tinayenera kugwirizana chochita tikapeza boila yoopsa mu Januwale, panja kukuzizira, m'nyumba muli ana kapena agogo.

Vuto la ntchito ino n'lakuti munthu amene amanena kuti boila yanu ndi yoopsa nthawi zambiri ndi yemweyonso amagulitsa yatsopano. Mwini nyumba alibe makina oyezera, sangathe kutsutsa, ndipo kuzizira kumamufulumizitsa kuvomera chilichonse. Injiniya wadyera akhoza kunena kuti boila yabwinobwino yatha ntchito, mawa lake n'kubwera ndi ina. Koma pali dyera linanso limene anthu salitchula kawirikawiri: landilodi amene amakupatsa nyumba zambirimbiri pachaka akakuuza kuti "ingolembani kuti yapambana, tidzakonza mwezi wamawa", kukana n'kutaya kasitomala wamkulu. Ifeyo tilinso ndi chathu chachitatu. Makasitomala athu oyambirira anali anthu akwathu, a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, odziwana nawo kutchalitchi ndi kumaliro. Munthu wotere akati "achimwene, kwathu n'kumodzi, musatitsekere, tizingoyatsa pang'ono usiku wokha", mtima umafewa. Mpweya wapoizoni wa carbon monoxide, umene boila yoonongeka imatulutsa, suyang'ana kuti wina ndi wakwathu, ndipo usiku, zitseko ndi mawindo zili zotseka, anthu atagona, ndi pamene umapha.

Chimene chimatithandiza n'chakuti chigamulo si cha m'mutu mwa injiniya. Aliyense wogwira gasi ayenera kukhala m'kaundula wa Gas Safe Register, amene analowa m'malo mwa kaundula wakale wa CORGI pa 1 Epulo 2009, ndipo amalembanso mayeso pakatha zaka zisanu zilizonse. Tikapeza chinthu chosayenera timatsatira ndondomeko yolembedwa, yotchedwa IGEM/G/11, ndipo ili ndi magulu awiri okha. Loyamba ndi Immediately Dangerous, kapena ID: chipangizo chimene chikasiyidwa chikuyaka, kapena chikadali cholumikizidwa ku gasi, chikhoza kupha munthu kapena kuwononga nyumba nthawi yomweyo. Lachiwiri ndi At Risk, kapena AR: pali cholakwika chimodzi kapena zingapo zimene zikhoza kubweretsa ngozi mtsogolo. Kale kunali gulu lachitatu, la zinthu zongotsalira m'mbuyo pa miyezo yatsopano, koma linachotsedwa mu 2016 chifukwa limasokoneza anthu, n'kumaoneka ngati chenjezo pamene panalibe choopsa. Choncho wina akakuuzani kuti akutseka boila yanu chifukwa "ndi yakale" kapena "masiku ano sitiikanso chonchi", mufunseni kuti waiika m'gulu liti ndipo wapeza chiyani. Ukalamba wa boila si gulu.

Kuyeza timayambira pa mita. Timalumikiza geji yoyezera mphamvu ya gasi, n'kutseka vavu yaikulu ya gasi, n'kutsitsa mphamvu ya gasi m'mapaipi kufika pakati pa 7 ndi 10 mbar (muyezo wa mphamvuyo), n'kudikira mphindi imodzi. Ikakwera ndiye kuti vavuyo ikulowetsabe gasi ngakhale yatsekedwa. Kenako timakweza kufika pa 20 mpaka 21 mbar, mphindi imodzi yoti zikhazikike, mphindi ziwiri zoyeza. Ngati m'nyumba mukumveka fungo la gasi, geji siyenera kutsika ngakhale pang'ono. Tikatero timapita pa boila. Timayang'ana mwaye kapena banga lakuda pamwamba pa chivundikiro ndi pakhoma, labala lozungulira chitseko cha boila ngati lauma kapena kuduka, ndiponso lawi pamene likuoneka: liyenera kukhala labuluu, loima bwino, osati lachikasu lopepesuka.

Pa maboila amakono, amene chumuni chake chili ndi paipi mkati mwa paipi inzake (yamkati yotulutsa utsi, yakunja yolowetsa mpweya), timayamba kulowetsa analyser, makina oyezera mpweya ndi utsi, pa kabowo ka mpweya wolowa. Pamenepo oxygen ayenera kukhala 20.6 peresenti kapena kuposa, carbon dioxide osafika 0.2 peresenti. Zikasiyana ndiye kuti paipi yamkati yaphonyana penapake ndipo boila ikupumanso utsi wake womwe. Ikatero imayamba kupanga carbon monoxide wochuluka mofulumira kwambiri. Kenako timayeza utsi weniweniwo, boila ikuyaka mwamphamvu komanso ikuyaka motsika. Timagawa kuchuluka kwa carbon monoxide ndi kuchuluka kwa carbon dioxide: nambala yotulukayo ikakhala pansi pa 0.004 zili bwino, ikakhala pakati pa 0.004 ndi 0.008 timatsegula, kuyeretsa ndi kufufuza, ikapitirira 0.008 ndipo yakana kutsika titakonza, boilayo siyingasiyidwe ikuyaka. Buku la kampani yopanga boilayo likapereka nambala zake, timatsata zimenezo.

Maboila akale okhala kuseri kwa moto wa pabalaza, amene amakoka mpweya m'chipinda momwemo, ndi amene amatidyera nthawi, ndipo ndi oyeneradi nthawiyo. Timatseka zitseko ndi mawindo, kuyatsa boila mphindi zisanu, n'kuika machesi a utsi pamene utsi umalowera m'chumuni. Utsiwo uyenera kukokedwa wonse. Ukabwerera m'chipinda timadikira mphindi zina khumi kuti chumuni chitenthe, n'kuyesanso. Timabwerezanso fani ya kukhitchini kapena ya kubafa ikuzungulira, chifukwa fani ikhoza kukoka utsi kuchokera m'chumuni kubwerera m'nyumba. Zifukwa zake zimakhala zazing'ono zomvetsa chisoni: chisa cha mbalame pamwamba pa chumuni, kapena kabowo kolowera mpweya pakhoma kamene wina anakamata ndi katoni ndi tepi chifukwa kamalowetsa mphepo yozizira. Ngati tachotsa zimenezi utsi n'kumabwererabe, imeneyo ndi ID, palibenso zokambirana. Palinso mafulati amene chumuni chake chinabisidwa mu siling'i. Kuyambira pa 1 Januwale 2013, ngati palibe tizitseko toonera malo olumikizirana mapaipiwo, boilayo imalembedwa AR ngakhale ikuyaka bwino, chifukwa chimene sitingachione sitingachilumbirire.

Zambiri zimene anthu amatiitanira mwamantha si zoopsa konse, ndipo apa ndi pamene chinyengo chimabisala. Boila zamakono zimatulutsa madzi pang'ono kudzera m'kapaipi kapulasitiki. Kapaipiko kakadutsa panja kali kowonda kamaundana kukazizira kwambiri, boila n'kuzima yokha. Zimenezi zinachitika m'nyumba zosawerengeka kumapeto kwa Febuluwale ndi kumayambiriro kwa Malichi 2018. Mankhwala ake ndi madzi ofunda, osati owira, kuthira pa paipiyo, ndipo pambuyo pake kuika paipi ya 32 mm yokutidwa bwino. Singano yoonetsa mphamvu ya madzi a m'boila ikatsika kwambiri, boila imakana kuyaka, ndipo chofunika n'kuwonjezera madzi ndi kufufuza pamene akudontha. Fani yakufa, pampu yakufa, sensa yakufa, zonsezi zimasinthidwa. Boila yosayaka ndi boila yoopsa ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo woona mtima amakuuzani kuti yanu ndi iti.

Tikapeza ID, chinthu chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti ife tilibe mphamvu yodula gasi popanda chilolezo. Lamulo limatikakamiza kuuza munthu amene akuyang'anira nyumbayo, ndipo limati ndi mlandu kuti iye apitirize kugwiritsa ntchito chipangizo chimene akudziwa kuti n'choopsa, koma kudula timachita kupempha. Timamutengera munthuyo pa boila pomwepo, kumuonetsa nambala pa analyser kapena utsi wa machesi ukubwerera m'chipinda, n'kunena mosabisa: "Amayi, mpweya umene ukutuluka apawu ulibe fungo, ulibe mtundu. Mutu ukamakupwetekani muli m'nyumba muno n'kusiya mukatuluka panja, chikhoza kukhala chimenechi. Tikupempha mutilole tidule." Akavomera timamasula paipi ya gasi yolowa m'boila, kuitseka ndi kapu yachitsulo, kuyezanso kuti gasi sakutuluka, n'kumata chikwangwani cholembedwa Danger Do Not Use. Timalemba pepala lachenjezo lofotokoza chimene tapeza, iye n'kusaina, n'kusunga lake. Pa AR sitimasula paipi, timangozimitsa boila ndi chilolezo chake, koma chikwangwani ndi pepala n'zomwezo.

Wina akakana pa ID sitikangana naye, ndiponso sitidula mwakabisira. Timamuuza maso ndi maso kuti tikuimbira a gasi a ngozi pa 0800 111 999, amene ali ndi mphamvu ya lamulo yolowa m'nyumba ndi kudula, ndipo iwowo akhoza kudulira pa mita, ndiye kuti ngakhale chitofu chophikira chizima. Ambiri akamva zimenezi amalola kuti tidule boila yokha. Ngati wina m'nyumbamo ali ndi chizungulire, nseru kapena kufooka, timatsegula mawindo, kutulutsa anthu onse panja, n'kuwauza apite kuchipatala tsiku lomwelo ndipo akanene kuti akukayikira carbon monoxide.

Kutseka kapu n'kungonyamula zida n'kumapita, kwa ife imeneyo ndi theka la ntchito, ndipo theka lotsalalo ndi limene lingaphe munthu. Banja losiyidwa m'nyumba yozizira limapeza njira zake: kuyatsa uvuni wa gasi n'kusiya chitseko chake chotsegula, kapena kulowetsa m'nyumba chowotchera nyama cha makala. Aliyense wokulira kwathu amadziwa chimene mbaula imachita m'chipinda chotseka mu Juni, ndipo mpweya wake ndi womwewu tikuuthawawu. Choncho galimoto yathu iliyonse imayenda ndi mahita amagetsi a 2 kW amene timabwereketsa kwaulere mpaka boila itakonzedwa. Timawalumikiza tokha, hita iliyonse pa soketi yake ya pakhoma, osati pa ekisitenshoni, chifukwa pulagi ya 13 amp imanyamula pafupifupi 3 kW yokha ndipo mahita awiri pa chingwe chimodzi amachitenthetsa. Ngati nyumba ili ndi thanki ya madzi otentha, timaonetsa pamene pali switchi ya immersion, chotenthetsera madzi chamagetsi cha m'thankimo, kuti asambe. Ngati boila ndi ya combi, yopanda thanki, timawauziratu kuti madzi otentha kulibe mpaka titakonza, asamayese kuyatsa. Okalamba, odwala ndi amene ali ndi ana aang'ono timawakumbutsa kulembetsa pa Priority Services Register, kaundula wa anthu ofunika thandizo lapadera, kudzera ku kampani yawo ya gasi ndi magetsi. Alendi timawauza kuti kukonza zotenthetsera nyumba ndi madzi ndi udindo wa landilodi malinga ndi lamulo la nyumba za lendi la 1985, komanso kuti kuyambira pa 1 Okutobala 2022 chipinda chokhala ndi boila m'nyumba ya lendi ku England chiyenera kukhala ndi alamu ya carbon monoxide. Alamuyo ikhale ndi chizindikiro cha BS EN 50291, ndipo muone tsiku lothera ntchito lolembedwa pa iyo.

Kumbali ya ndalama tinaika malamulo athu amene palibe anatikakamiza. Injiniya wathu salandira komishoni pa boila yatsopano, malipiro ake ndi omwewo kaya watseka kaya sanatseke. Tsiku limene tatseka boila sitisainitsa munthu mgwirizano wogula ina. Mtengo timautumiza polemba pambuyo pake, ndipo mzere woyamba umakhala wa kukonza ngati zipangizo zake zikupezekabe, chifukwa nthawi zambiri labala latsopano, chidutswa cha chumuni kapena vavu ya gasi zimathetsa vuto lonse. Zithunzi ndi kapepala kotuluka mu analyser timapereka kwa mwini nyumba, n'kumuuza kuti ali ndi ufulu woitana injiniya wina wa Gas Safe adzaone yekha. Khadi la injiniya aliyense lili ndi nambala yake ya manambala 7, ndipo kumbuyo kwake kumalembedwa mitundu ya zipangizo zimene analoledwa kugwira. Lionani mbali zonse ziwiri, lathu lomwe.

Njira imeneyi ili ndi mtengo wake. Makasitomala ena amene tawatsekera amakagula boila kwa ena otchipa, ndipo malandilodi ofuna satifiketi yopanda mafunso sachedwa kutisiya. Chinanso chimene chimatidanitsa ndi anzathu a ntchito ino n'chakuti tikapeza kuti ngozi yabwera chifukwa cha kuika kapena kukonza kolakwika kwa munthu wina, malamulo onena za kuneneza ngozi, otchedwa RIDDOR, amatiuza kukanena ku Health and Safety Executive, bungwe la boma loona za chitetezo pa ntchito, pasanathe masiku 14, ndipo timakanenadi, ngakhale wolakwayo tikumudziwa. Boila yotsekedwa timaitsegulanso pokhapokha chokonzedwacho chitaikidwa, mayeso onse atabwerezedwa kuyambira pa mita mpaka pa chumuni, nambala zatsopano zitalembedwa pa pepala, ndipo chikwangwani amachotsa ndi injiniya amene wayeza.