Ndaonetsa app pa tsamba la zinthu zatsopano, koma nkhani ya “Featured” ikundiwawabe

Mpikisano unatha dzulo 9 koloko m'mawa, ndipo ndikulemba mtima usanazizire kuti wina wa kuno ku Dedza kapena ku Ntcheu asakagwe m'mbuna yomwe tinagwamo ife. Dzina la tsambalo sinditchula. Ndi limodzi mwa masamba a pa intaneti akuluakulu a ku America omwe tsiku lililonse amandandalika mapulogalamu ndi mabizinesi ongoyamba kumene, anthu n'kumavota, wopambana n'kupatsidwa chizindikiro choti ndiye woyamba wa tsikulo. Ife tinapita ndi app yaing'ono yotumizira alimi mitengo ya kachewere, kabichi ndi tomato ya pa Lizulu, pa Tsangano ndi pa Chimbiya, kuti mlimi wa ku Bembeke adziwiretu mtengo wa ndowa venda asanafike pamunda. Taonetsa kawiri: kumapeto kwa Novembala, pomwe tsiku lonse linangopita pachabe, ndi mwezi uno wa Juni.

Chomwe palibe anatiuza n'chakuti kuika app pa tsambalo ndi kwina, kuoneka ndi kwinanso. Pali mindandanda iwiri. Wina ndi wa aliyense amene waika chake tsiku limenelo, ndipo uli kuseri, munthu amachita kuufunafuna. Winawo ndi wa patsamba loyamba, wa osankhidwa, omwe amawalemba kuti “Featured”. Amenewa okha ndiwo amapikisana, ndipo m'gulu lomweli ndimo amatengamo oika mu imelo yomwe amatumizira anthu awo. Osankhawo si ovota ayi, ndi antchito a tsambalo. Mukhoza kusonkhanitsa mpingo wonse ndi mudzi wonse kuti ukuvotereni, koma ngati iwo sanakuikeni patsamba loyamba, mavotiwo akungogwera m'chitini chobooka.

Tsono nayi nzeru yomwe ndiibwereza mpaka mutope nayo. Nthawi yoyambira mpikisano ikakwana, musatumize linki kwa aliyense. Yambani mwatsegula tsamba loyamba pa foni ina yomwe simunalowepo ndi akaunti yanu, muone ngati app yanu ilipo. Pa akaunti yanu imaoneka bwinobwino ngakhale isanasankhidwe, ndipo n'chomwe chinatipusitsa mu Novembala. Tinadzutsa magulu onse a pa WhatsApp, anthu anagula mabandulo ndi ndalama zawo, ena anachita kukwera pachulu kusaka netiweki, ndipo tinazindikira dzuwa litapendeka kuti sitili pa mpikisano n'komwe.

Ndinawalembera imelo kufunsa chifukwa. Yankho linabwera tsiku lotsatira, mpikisano utatha kale, ndipo linali la mawu omwe amatumizira aliyense: akuti amayang'ana ngati chinthu n'chothandiza, n'chachilendo, chapangidwa mwaluso ndiponso chili ndi nzeru zatsopano, ndipo satha kufotokozera munthu aliyense payekha. Mfundo zinayizo sindikutsutsana nazo. Chondipweteka n'chakuti sananene kuti ife tinaperewera pa iti. Ngakhale komiti ya banki m'khonde ikakukana ngongole imakuuza kuti masheya ako ndi ochepa, upite ukaonjezere. Apa munthu wakonza zinthu kwa miyezi, akumukana, ndipo sakumuuza choti akakonze. Mzere umodzi wokha ukanakwana, wonena kuti sitinathe kulowa mu app yanu, kapena kuti zoterezi zilipo kale zambiri. Kusankha ndi ufulu wawo, tsamba ndi lawo, koma akamalengeza kuti anthu ndiwo amakweza chinthu ndi mavoti pamene chitseko chenicheni chili m'manja mwa anthu ochepa osaoneka, pamenepo chilungamo chaperewera.

Titakhala pansi n'kuiyang'ana app yathu ngati alendo, tinapeza vuto lomwe liyenera kuti linatigwetsa. Tsamba loyamba la app linkafuna nambala ya foni yoyamba ndi +265, kenako n'kutumiza manambala achinsinsi pa SMS. Munthu wa ku California alibe nambala ya Airtel kapena ya TNM, ndiye kuti amathera pakhomo pomwepo. Chachiwiri, zonse za m'kati zinali m'Chichewa. Ulendo wachiwiri tinaika batani lolowera ngati mlendo popanda nambala, lokhala ndi mitengo yachitsanzo, tinaonjezera Chingerezi, n'kujambula kavidiyo kosakwana mphindi imodzi koonetsa mlimi akuyang'ana mtengo wa thumba la kachewere pa foni. Chichewa sitinachichotse, poti eni app ndi alimi, osati oweruzawo.

Ndabwerera m'mbuyo pang'ono, ndinaiwala za akaunti ya pa tsambalo. Tsegulani m'dzina lanu lenileni ndi chithunzi chanu, chifukwa ya m'dzina la kampani salola kuti iike kanthu kapena kuvota. Akaunti yatsopano imadikira sabata imodzi isanaloledwe kuika chinthu, choncho musaitsegule usiku woti mawa ndi tsikulo. Zina zonse za pa fomu n'zosavuta, kungoti zili ndi malire. Mawu achidule ofotokoza app asapitirire zilembo 60, kuwerengera ndi mipata yomwe. Kachithunzi ka chizindikiro kakhale ka 240 kwa 240, zithunzi zazikulu 1270 kwa 760, apo ayi zimadulidwa m'mbali n'kudya mawu. Mumasankha magulu atatu omwe app yanu ikugweramo. Lemberanitu ndemanga yoyamba, yonena vuto lomwe mukuthetsa ndi amene mukuwathandiza, musunge pafupi kuti mungoimata nthawi ikakwana. Tsiku limatheka kulisungitsa pasadakhale, ndipo chitani zimenezo masabata awiri kapena atatu lisanafike kuti osankhawo akhale ndi mpata woyang'ana chinthu chanu.

Linki yomwe mwaikayo ikhale yogwira ntchito. Ngati app ndi ya Android ndipo mukufuna ikhale pa Google Play, werengerani nthawi. Kulembetsa ndi madola 25 olipira kamodzi, ndipo akaunti ya munthu payekha yotsegulidwa kuchokera mu Novembala 2023 imayenera kuyesetsa app kwa anthu osachepera 12 kwa masiku 14 otsatizana isanatulutsidwe kwa onse. Anthu 12 amenewo akhale oti sachoka pakati, ndipo n'kwanzeru kupeza 15 kapena kuposa, chifukwa wina foni imafa, wina amaigulitsa. Madola 25 aja amaoneka ochepa, koma ndi kusowa kwa ndalama zakunja kuno, khadi ikhoza kukana kangapo. Funsanitu ku banki ngati khadi yanu ndi yotsegulidwa kulipira kunja, musadikire sabata yomaliza.

Za nthawi. Tsiku lawo limayamba mphindi imodzi itadutsa 12 koloko usiku ku California. Kuno imeneyo ndi 9:01 m'mawa kuyambira Lamulungu lachiwiri la Malichi mpaka Lamulungu loyamba la Novembala, ndipo miyezi yotsalayo ndi 10:01, chifukwa iwo amasuntha mawotchi pomwe ife sitisuntha. Mu Novembala tinakhala ola lathunthu tikuganiza kuti china chalakwika. Khamu lenileni la anthu limafika mochedwa: ku New York ikamakwana 9 koloko m'mawa kuno ili 3 koloko masana, a ku California amadzuka kuno kukuda. Ndiye kuti ntchito yoyankha ndemanga imakula kuyambira madzulo mpaka pakati pa usiku, nthawi yomwenso magetsi amakonda kuzima. Tchajani laputopu, mafoni awiri ndi power bank, mukhale ndi ma SIM a makampani onse awiri. Usiku wa dzana ndinayankha ndemanga nditafunda bulangete, mbaula ili kumapazi, zala zitauma ndi chisanu cha Juni cha pa Dedza, foni nditaitsamiritsa pawindo pomwe netiweki imagwira bwino.

Nkhani ya mavoti ndiyo inandiwawa kachiwiri. Tsambalo limachepetsa mphamvu, kapena kufufutiratu, mavoti ochokera ku maakaunti atsopano ndi omwe akuoneka ngati achokera malo amodzi. Cholinga chake n'chomveka, akuthana ndi akuba. Akubawo alipodi: mukangosungitsa tsiku, mauthenga amayamba kugwa pa LinkedIn ndi pa imelo, anthu akukutsatsani mavoti pa madola. Musagule, mudzataya ndalama ndipo akhoza kukuchotsani pa mndandanda. Koma taonani mmene lamulo lomwelo limatipwetekera ife. Anthu athu onse ndi atsopano pa tsambalo, poti sanalimvepo. Bandulo ndi yodula, choncho anthu asanu amalumikiza pa hotspot ya foni imodzi, ena amabwerekana laputopu. Kwa makinawo zimenezi zimaoneka ngati munthu mmodzi akubera. Tinkaona nambala ya mavoti ikukwera, kenako n'kutsika, popanda uthenga uliwonse wonena kuti voti ya uje yachotsedwa pa chifukwa chakuti. Mnyamata wa ku San Francisco anzake onse ali ndi maakaunti a zaka zambiri, voti iliyonse imalemera. Mlimi weniweni amene amagwiritsa ntchito app tsiku ndi tsiku voti yake ndiyo imatayidwa. Chothandiza n'kuwapempha anthu kuti atsegule maakaunti mwezi wathunthu tsiku lisanafike, aliyense pa foni yake, aikepo chithunzi, azilowamo mwa apo ndi apo n'kumayankhapo pa zinthu za ena. Komanso musalembe kuti tivotereni, malamulo awo amaletsa. Nenani kuti taonani chomwe tapanga, mutiuze maganizo anu.

Pali zina zomwe anachita bwino, ndisabise. Maola anayi oyamba amabisa chiwerengero cha mavoti ndipo amasakaniza mndandanda, kuti woyamba kukwera asangokokera aliyense kwa iye. Malo olipiridwa amawalemba poyera kuti ndi otsatsa malonda, munthu umadziwa kuti apa pagwa ndalama. Koma maola anayiwo akatha, makampani omwe ali ndi otsatira zikwizikwi ndi ndalama za oika chuma amathawa n'kukusiyani, ndipo ena mwa iwo si ongoyamba kumene n'komwe, ndi akuluakulu omwe angotulutsa kachinthu katsopano. Kuwaika pa mndandanda umodzi ndi anthu atatu a ku Dedza kuli ngati kuthamangitsa kabaza ndi basi pa msewu wa M1. Bwenzi atagawa magulu, ongoyamba paokha, okhazikika paokha.

Kuonetsanso app yomweyo amafuna padutse miyezi isanu ndi umodzi ndipo pakhale kusintha kwenikweni, n'chifukwa chake tinadikira mpaka Juni. Ulendo uno 9:01 itakwana ndinabwereka foni ya mnzanga yomwe sinalowepo pa tsambalo, ndinatsegula tsamba loyamba, ndipo app inalipo. Apo m'pamene ndinatumiza linki. Chitani chimodzimodzi, yambani mwaona pa foni ina. Mukapeza kuti mulibe, alembereni nthawi yomweyo kupempha kuti ayang'anenso kapena asunthe tsiku, ndipo anthu anu muwasiye asunge mabandulo awo.

Sitinakhale oyamba, tinathera chakumunsi kwa mndandanda. Alimi atsopano sitinapezeko ngakhale mmodzi, iwo amabwera tikaimika tebulo pamsika n'kuwaikira app m'manja. Chomwe tapeza ndi linki yoonetsa kuti tinasankhidwa, yomwe tiiphatikiza pa mafomu opempha thandizo la ndalama, ndi ndemanga ziwiri zothandiza kwambiri, ina yochokera kwa munthu wa ku Kenya amene anatilangiza kuti tiike USSD, njira yoimba manambala oyamba ndi * n'kuthera ndi #, chifukwa alimi ambiri ali ndi mafoni a mabatani. Jambulani tsamba loyamba app yanu ikadali pamenepo, tsiku ndi nambala yomwe muli pa mndandanda zikuoneka, chifukwa 9 koloko (kapena 10, malinga ndi mwezi) ya mawa lake ikangokwana mndandanda umasintha ndipo pamabwera ena.