Sabata ya Nyumba ya Malamulo ya ku Czech Republic m'kalasi mwanga

Ndimaphunzitsa zamalamulo, ndipo teremu ino ine ndi ophunzira a chaka chachitatu tikuyerekeza malamulo oyendetsera mayiko osiyanasiyana. Sabata yathayi tinali pa Czech Republic. Lolemba nditangolemba dzinali pa bolodi, mnyamata wina wokhala kumbuyo anati, "Madamu, dziko limeneli likutikhudza pati ife?" Ndinamuuza kuti aupeze mtima, adziyankha yekha.

Tsiku limenelo linangothera pa manambala. Dzikoli linabadwa pa 1 Januwale 1993 Czechoslovakia itagawika pawiri, ndipo Nyumba ya Malamulo yake ku Prague ili ndi zipinda ziwiri. Chipinda cha aphungu, Poslanecká sněmovna, chili ndi anthu 200 osankhidwa kwa zaka zinayi, ndipo chipani chosafika pa mavoti 5 mwa 100 aliwonse sichilowamo. Seneti ili ndi anthu 81 okhala zaka zisanu ndi chimodzi, koma samasankhidwa onse pamodzi: pa zaka ziwiri zilizonse mipando 27 yokha ndiyo imapita ku chisankho. Kuti ukhale seneta uyenera kukwanitsa zaka 40, pomwe uphungu umangofuna 21. Atsikana akutsogolo anaseka, amvekere ndiye nyumba ya madalatu imeneyo.

Lachiwiri magetsi anazima, pulojekita n'kukhala chokongoletsa, ndipo ndinabwerera ku choko. Mwinanso zinathandiza. Ndinajambula ulendo wa bilu: aphungu akaivomereza, Seneti ili ndi masiku 30 oiunika. Ikaibweza, aphungu 101 akhoza kuidutsitsabe. Pulezidenti naye akaikana, nambala ndi yomweyo, 101. Bajeti ndiye Seneti siyiikhudza n'komwe, ndipo boma limagwa kapena kuima ndi mavoti a aphungu okha. Kalasi yonse inagwirizana kuti Senetiyi ndi galu wopanda mano.

Ndinawasiya agone nalo ganizo limeneli, Lachinayi n'kudzaligwetsa. Pa kusintha malamulo oyendetsera dziko, 101 ija siigwira ntchito: pamafunika aphungu 120 komanso magawo atatu mwa asanu a maseneta amene alipo tsikulo, ndipo Seneti ikakana, nkhani yathera pomwepo. Lamulo la zisankho nalonso silingadutse Seneti ikakana. Majaji 15 a khoti loona za malamulo oyendetsera dziko, lomwe lili ku Brno, pulezidenti sangawaike Seneti isanavomere. Komanso palibe amene angaithetse Seneti. Chipinda cha aphungu chitathetsedwa mu 2013, maseneta ndiwo anatsala akuvomereza malamulo ofunika mwachangu mpaka aphungu atsopano atalowa. Mano alipo, kungoti ali mkati, kumene kuli zinthu zimene chipani chopambana chimalakalaka kuzisintha.

Kenaka ndinatchula mfundo imene ndinkaisunga. Senetiyi inalembedwa m'malamulo mu 1992, koma chisankho chake choyamba chinachitika mu 1996. Kwa zaka pafupifupi zinayi inali ya papepala chabe, ndipo andale ena ankafuna ingofera pomwepo.

Mnyamata wa kumbuyo uja anakweza dzanja. "Madamu, si mmene zinalili ndi yathu ija?" Eya. Malamulo athu a 1994 anali ndi Seneti ya anthu 80, mafumu ali momwemo, ndipo inafufutidwa mu 2001 isanakumanepo ndi kamodzi komwe. Chaka chotsatira, bilu yochotsa malire a materemu a pulezidenti inalephera ndi mavoti atatu okha, popanda chipinda china choidikirira kutsogolo. Mkangano unabuka mpaka nthawi inatha. Ena ankati dziko losauka silingadyetse zipinda ziwiri, ndipo mfundo imeneyi sindiyinyoza. Ine ndinangowakumbutsa kuti anthu a ku Czech Republic nawonso amaidandaula Seneti yawo, ndipo pa ulendo wachiwiri wa chisankho chake, pamene awiri otsogola amapikisananso, ovota amakhala ochepa kwambiri.

Lachisanu ndinachonga mapepala 46. Ophunzira khumi ndi mmodzi analemba kuti Seneti ya ku Prague imavomereza bajeti, ndiye Lolemba tiyambira pomwepo tisanapite ku Germany.