Msampha wa mphaka unakola apongozi

Mphaka sadya repu kapena mpiru. Chomwe amadzera kudimba ndi dothi lofewa lomwe mwangotipula kumene, kwa iye chimenecho ndi chimbudzi. Amafukula, n'kudzithandiza, n'kukwirira, mbande za pa nazale n'kuzukira limodzi.

Njira zomuthamangitsira osamupweteka ndimazidziwa. Makoko a mandimu ndi malalanje amadana nawo, koma fungo limatha pakapita masiku awiri kapena atatu, ndipo ndi mvula ya ku Zomba kuno limatha usiku womwewo. Timitengo tansungwi tozika motalikirana masentimita 10 timamusowetsa ponjuta. Yoposa zonse ndi waya wa khola la nkhuku. Mumamuyala pamwamba pa bedi n'kukhoma zikhomo m'makona, mbande zimatulukira m'mabowo, zikhadabo osapeza pokumba. Tsabola musayerekeze, amamuwotcha m'maso ndi m'mphuno, komanso mphakayo ali ndi mwini wake amene mudzakumane naye pamaliro.

Koma waya ndi ndalama. Ine kwathu ku Matawale ndinati nzeru zilipo zaulere, poti mphaka amaopa madzi. Ndinadula pamwamba chigubu cha malita 5, ndinachidzaza, n'kuchikoleka panthambi ya mango. Chingwe ndinachitsitsa ndi thunthu n'kuchipingasa pakanjira kolowera kudimba, m'munsi ndithu. Vuto la msampha wotere ndi lakuti mphaka amaponda mosamala, ndevu zake zikakhudza chingwe amangochilumpha. Amene amakoka chingwe ndi mwendo ndi munthu.

M'mamawa ndinangomva khwaa! kenako "Mayo ine!"

Kutuluka, ndinapeza apongozi, amene anabwera kuchokera ku Jali kudzationa, ali chiimire, duku lili nyowe, beseni lili m'manja. Mphaka anali pampanda, wouma bwinobwino, akunyambita dzanja.

"Apongozi, kodi mvula ya m'tauni muno imasankha munthu?" anandifunsa motero.

Ndinagwada pamatope pomwepo. "Pepani amayi, unali wa mphaka. Nanga m'besenimo muli chiyani?"

"Madzi otsukira matemba. M'mawa uliwonse ndimathira pa ndiwo zanuzi, ndi manyowa amenewa."

Fungo la nsomba limaitana amphaka a mudzi wonse, mandimu angachuluke bwanji. Madzi oterowo malo ake ndi m'dzenje lokwirira, kutali ndi bedi. Koma mkamwini sangaphunzitse apongozi akudontha madzi, ndiye ndinangoti, "Zoonadi amayi, repuyu wanenepa."

Masana ndinalowa mumsika wa Zomba kukagula waya mamita atatu, ndi chitenje chatsopano. Chitenjecho ndiye chinadula kuposa waya.